Tsiku Limene Amayi Anakapepesa Maliro a ku Ireland

Ndikukumbukira bwino lomwe nyumba ya njerwa zofiira ya ku Etobicoke, dera la mzinda uno wa kutsidya kwa nyanja, imene banja lathu linkakhalamo pakati pa zaka za m'ma 1970. Ndikulemba mwaulemu kwa anzanga amsinkhu wanga, makamaka amene tinakulira kuno, pofuna kufotokoza zimene zinachitika m'nyumba imeneyo m'nyengo ina yozizira, ine ndili mnyamata wa sukulu ya pulayimale. Ndipempha kuti mundilole kuyamba ndi kufotokoza za malo ndi anthu, popeza nkhani yopanda maziko siimirira.

Nyumbayo inali yosanjikiza. Ife tinkachita lendi m'mwamba: bambo anga aMbewe, amene anabwera kudzaphunzira ku yunivesite ya ku North York, amayi anga aNachisale, ine Wilisoni, ndi mlongo wanga wamng'ono Lusiya. Pansi pankakhala mwini nyumba, mkulu wachizungu dzina lake a Dolan, amene amayi ankawatchula kuti a Dolani. Anali atapuma pa ntchito yoyendetsa thiramu, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda, akazi awo anali atamwalira kale, ndipo ankakhala okha. Popeza bwalo la ndege linali pafupi, magalasi a mawindo ankanjenjemera nthawi iliyonse ndege ikadutsa. Pa makwerero pankakumana mafungo awiri, la fodya wa kaliwo ndi kabichi wowiritsa kuchokera pansi, ndi la usipa wokazinga kuchokera m'mwamba. Mafungo amenewa sankapatsana moni.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti ubale wathu ndi a Dolani sunali wokoma. Amayi anabwera ndi kamtondo kuchokera kwathu, ndipo malo amene ankasinjirapo mtedza anali pamwamba penipeni pa chipinda chogona cha mkuluyo. Iwo ankagogoda denga ndi mpini wa tsache. Amayi ankayesa kusinja mofatsa, koma mtondo sudziwa kunong'ona. Nyengo yozizira isanafike, amayi anayanikanso masamba a maungu pa denga la galaja kuti apange mfutso, ndipo anthu oyandikana nawo anafunsa a Dolani ngati ayamba kuweta mbuzi. Khirisimasi itadutsa, a Dolani anaimitsa bambo pa makwerero ndi kuwauza kuti sinowo, madzi oundana aja ogwa ngati ufa m'nyengo yozizira, ikadzasungunuka tidzakhale titapeza malo ena.

Chonde dziwani kuti nkhani imeneyi inali yolemera kuposa mmene ikumvekera. Masiku amenewo munthu wakuda kupeza nyumba ya lendi sichinali chapafupi. Bambo ankaimba telefoni ndi Chingerezi chawo chosalala, ankauzidwa kuti malo alipo, koma akafika pakhomo ankamva kuti angotengedwa kumene. Makolo anga anagwirizana kuti ngati nyumba siipezeka, amayi, ine ndi Lusiya tidzabwerera ku Malawi, ndipo bambo adzatsala okha m'kachipinda ka ophunzira mpaka adzamalize maphunziro awo. Kotero chaka chimenecho, mosiyana ndi ana ena onse a mu msewu wathu, ine ndinkapemphera kuti sinowo isasungunuke.

M'nyengo yomweyo aphunzitsi athu anayamba kutiphunzitsa za njala imene inagwa ku Ireland m'zaka za m'ma 1840. Anafotokoza kuti anthu osauka a kumeneko ankadalira mbatata ya kachewere, ndipo matenda anagwira mbatatayo, inawolera m'nthaka ndi kusanduka phala lakuda lonunkha. Chimene chinandigwira mtima sichinali matenda a mbatata ayi, koma zimene boma linachita. Boma limenelo linali la ku London. Poyamba linagula chimanga ku Amereka, koma anthuwo sankachidziwa chimanga, zigayo zawo sizinkachipera bwino, ndipo chinkawapweteka m'mimba. Kenaka linalamula kuti wofuna kudya ayambe wagwira ntchito ya msewu, motero anthu ofooka ankaswa miyala pozizira, ndipo misewu ina inkathera m'tchire mopanda mudzi. Kwa kanthawi boma linaphika supu m'miphika ikuluikulu ndipo ambiri anapulumuka nayo, koma linasiya msanga ponena kuti eni dziko asamalire osauka awo. Nthawi yonseyi zombo zinkatuluka m'madoko zitanyamula tirigu ndi ng'ombe kukagulitsa kunja, kaamba koti akuluakulu ankakhulupirira kuti malonda sayenera kusokonezedwa.

Aphunzitsi anaonjezera kuti ambiri amene anathawa anafika mu mzinda wathu womwe uno, akudwala malungo a m'zombo, ndipo anagonekedwa m'zisakasa zamatabwa chakufupi ndi nyanja, kumene ena anafera. Anatipatsa ntchito yoti aliyense akafunse munthu wamkulu zimene akudziwa pa nkhaniyi.

Ine ndinadziwa kuti a Dolani anali a mtundu umenewo, chifukwa pa khomo pawo panali kambendera kobiriwira. Ndinawapeza masana akuchotsa sinowo ndi fosholo panjira ya kutsogolo, mpweya ukutuluka m'kamwa mwawo ngati utsi. Ndinaima patali, ndinavula chipewa monga bambo anandiphunzitsira, makutu ndi kuyamba kuluma nthawi yomweyo, ndipo ndinapereka funso langa. Iwo, osasiya kukankha fosholo, anati agogo awo aamuna anafika kuno ali kamnyamata, pamodzi ndi amayi awo ndi alongo awo awiri, ndipo pa anthu anayiwo anatuluka m'zisakasa zija ndi agogowo okha. Manda a enawo palibe amene anawadziwa. Atatero anandiuza kuti ndivale chipewa ndisanaduke makutu, ndizipita.

Madzulo pa chakudya ndinafotokoza zonsezi, ndili ndi chimwemwe cha mwana amene wapeza yankho loposa la anzake. Bambo anamvetsera mbali ya boma mwachidwi, nati ndi boma lomwelo limene linadzalamulira dziko lathu, ndipo zikuoneka kuti linali ndi buku limodzi lokha la malangizo. Amayi sanaseke. Anasiya kudya, napukuta manja, nandifunsa funso limene aphunzitsi sanalifunse.

"Nanga anthu anakawapepesa?"

Ndinayankha kuti sindikudziwa, koma sindikuganiza choncho, popeza kamnyamatako kanalibe nyumba yoti anthu n'kufikirako.

"Ndiye mawa tipita," anatero amayi.

Bambo anaika supuni pansi. "Amake Wilisoni, maliro a zaka zoposa zana? Munthuyu wakhala akukompulena chaka chonse. Mukatsikira kumeneko adzati tikumunyengerera chifukwa cha nyumba, ndipo adzatithamangitsa sinowo isanasungunuke n'komwe."

"Nyumba ndi nkhani ina, maliro ndi nkhani ina," anatero amayi. "Kwathu munthu ukamva mochedwa umapitabe. Ine ndamva lero. Kodi ndilakwa ine kuti uthenga wayenda pang'onopang'ono?"

Bambo anali munthu wodziwa kutsutsana, ndipo ku yunivesite ankatamandidwa pa luso limeneli, koma m'nyumba mwathu silinkawathandiza kwenikweni.

Kutacha, Loweruka, amayi anavala chitenje chakuda pamwamba pa diresi, namanga mpango kumutu. Anatenga beseni laling'ono nathiramo ufa, popeza pamaliro sapita chimanjamanja. Ufa woyera sunkapezeka m'sitolo za kuno masiku amenewo, choncho unali ufa wachikasu umene ifenso tinkadya mokakamizika. Nditaona mtundu wa ufawo ndinakumbukira phunziro lija. Ndinawachenjeza amayi mwaulemu kuti ufa umenewu ndi womwe boma linatumizira anthu aja, ndipo ankaudana nawo. Amayi anandifunsa ngati m'nyumbamo muli ufa wina umene iwo sakuudziwa. Anavindikira beseni ndi nsalu yoyera, nandipatsa kuti ndinyamule, nati ine ndikakhala pakamwa pawo, popeza Chingerezi chawo chinali chongogulira zinthu m'sitolo.

Bambo analengeza kuti iwo sapita nawo. Koma titafika pakati pa makwerero tinamva akutseka chitseko kumbuyo kwathu, atavala suti yawo ya kutchalitchi, atanyamula Lusiya. Mwamuna sangalole mkazi wake kukhuza maliro yekha, ngakhale maliro amene iye sakugwirizana nawo. Ndipo popeza mwambo umati akazi akhale m'nyumba ya siwa, amuna akhale panja, bambo anapereka Lusiya kwa amayi, anazungulira kutsogolo, napukuta sinowo pa sitepe ya khonde ndi kukhalapo.

A Dolani anatsegula chitseko cha khitchini ali ndi nyuzipepala m'manja. Amayi anavula nsapato, analowa mowerama, anadutsa mipando inayi imene inali pa tebulo, nakakhala pansi pafupi ndi khoma, miyendo atatambasula, Lusiya ali pamiyendo, mutu atazolika. Ine ndinaika beseni pambali pawo ndi kukhala pansi nanenso. Pansipo panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje. M'khitchinimo munkamveka wotchi ya pakhoma ndi firiji yokha.

Monga mukudziwa, wopepesa sayamba ndi mawu. Amakhala kaye chete kuti chisoni cha mwini nyumba chimuzolowere. A Dolani sankadziwa zimenezi. Anaima pakati pa khitchini yawo, akuyang'ana mayi wakuda atakhala pansi pafupi ndi chitini cha zinyalala, kenaka anasuzumira pawindo naona mwamuna wa suti atakhala pa sinowo.

"Mnyamata iwe," anatero, "amayi ako adwala? Nanga abambo ako akudikira basi pakhonde panga?"

Ndinayang'ana amayi. Iwo anaomba m'manja mofatsa, nayamba kulankhula motsitsa mawu, ine ndikumasulira. Anati tamva za imfa ya agogo a bambo awo ndi ana awiri aja, tamva mochedwa, ndipo tabwera kudzapepesa. Anati pepani, pepani ndithu, zimenezi ndi zowawa. Kenaka anakankhira beseni patsogolo ndi manja awiri.

A Dolani anawerama navundukula nsalu. Nkhope yawo inafiira kuyambira m'khosi mpaka pamphumi. Anati agogo awo sanalole ufa umenewu kulowa m'nyumba mwawo mpaka tsiku la imfa yawo. Ankanena kuti unkadula m'mimba ngati mchenga, ndipo ankaulandira ataima pamzere, akalaliki akuwayang'ana ngati akuba. Anandifunsa mokweza mawu ngati tabwera kudzawaseka, kapena ngati tikuganiza kuti nyumba imagulidwa ndi beseni la chakudya cha nkhuku.

Ndinaona ndege ya ku Malawi m'maso mwanga. Ndinkafunitsitsa kunyamula besenilo ndi kuthawa nalo. Koma amayi anandigwira pa bondo nati ndiwauze zonse zimene mkuluyo wanena, ndisasiye ngakhale za nkhukuzo. Nditawauza, anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekezera, nayamba kufotokoza nkhani imene ine mwana wawo ndinali ndisanaimvepo.

Anati iwo anali kamtsikana ku Lunzu pa njala ya fote naini. Mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo anthu anadya gaga, kenaka mizu ya kutchire. Amuna ambiri anapita kukasuma kutali, ena osabwereranso. Boma linabweretsa chimanga, koma linkafuna kudziwa kaye amene ali woyenera kulandira, ndipo amene anali ndi kamphamvu ankatumizidwa kukalima msewu. Amayi awo ankayenda m'mamawa kukaima pamzere mpaka dzuwa likuswa mtengo, mwana wamwamuna ali kumsana. Tsiku lina anabwerako ndi chimanga, koma mwanayo anali atazizira kumsana komweko. Anamuika popanda nyimbo, chifukwa panalibe wamphamvu zoimbira. Ndipo palibe amene anabwera kudzapepesa, popeza khomo lililonse linali ndi maliro ake.

Ndinamasulira zimenezi, ndipo mawu ena a Chingerezi ndinawasowa, koma a Dolani sanandifulumizitse. Nyuzipepala ija anali ataiika pa tebulo.

"Uwauze kuti chimanga sichinalakwe," anatero amayi. "Boma limatumiza thumba, koma silikhala pansi. Chakudya cholandira utaima, wokupatsayo akuyang'ana kumbali, chimatsamwa ngakhale chikhale chabwino. Ine ufa ndabweretsa chifukwa ndi umene ndili nawo. Akafuna autaye. Chimene ndabwerera ndi kukhala pansi pano. Maliro n'kulirana."

Ndege inadutsa, magalasi ananjenjemera, phokoso linatha. Kenaka a Dolani anafunsa dzina la mwana uja. Amayi anati anali Yohane. Mkuluyo analibwereza dzinalo mosamala, natchulanso maina atatu a anthu ake, limodzi ndi limodzi, ndipo amayi anayesa kuwabwereza monga lilime lawo linawalolera. Atatero a Dolani anagwira m'mphepete mwa tebulo, napinda bondo limodzi, kenaka linalo, mafupa akulira ngati nkhuni zouma, mpaka anakhala pansi moyang'anana ndi amayi. Sanalire mokweza. Anangotulutsa kansalu m'thumba, nakagwira pamaso nthawi yaitali. Lusiya, amene sankamvetsa kanthu, anakwawira kwa iwo nayamba kumasula zingwe za nsapato zawo, ndipo anamusiya.

Sindingathe kunena kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Chimene chinatseka mwambowo ndi chakuti a Dolani anakumbukira mwadzidzidzi za munthu wa pakhonde uja. Anafuna kudzuka kuti akamutsegulire, koma maondo anakana. Anayesa kachiwiri, anakananso. Amayi sakanatha kugwira mwamuna wa eni, ine ndinali wochepa mphamvu, choncho ndinathamanga kukaitana bambo. Anabwera atauma ngati nsomba ya m'firiji, masharubu ali mbuu, buluku litanyowa kumbuyo. Anagwira a Dolani m'khwapa, nawakweza mwaulemu wonse, akunena kuti pepani, pepani.

A Dolani ataimirira sanasiye msanga mkono wa bambo. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati pa moyo wawo wonse sanaonepo munthu wophunzira atakhala pa sinowo mwa kufuna kwake. Kenaka anatembenukira ku chitofu kukatereka madzi a tiyi, ndipo ali chofulatira anati:

"Za sinowo kusungunuka zija muziiwale. Mukachoka, adzandidzutsa ndani?"

Bambo anayamba kukonza mawu oyamikira, amene mwa chizolowezi chawo akanakhala ndi mutu, thunthu ndi mathero, koma mano ankagundana kwambiri moti anangokwanitsa kunena kuti zikomo. Tinamwa tiyi wakuda wowawa, ulendo uno titakhala pa mipando. Tikukwera makwerero, bambo ananong'oneza amayi kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti zidzatha bwino. Amayi anawauza kuti akasinthe buluku.

Pofuna kusunga chilungamo, ndiyenera kuonjezera kuti a Dolani sanasanduke mngelo. Anapitiriza kudandaula za phokoso ndi fungo mpaka kumapeto, ndipo ufa uja sanaudye. Anauthira m'botolo lalikulu, nauika pa shelefu pafupi ndi chithunzi cha akazi awo, mpaka unagwa anankafumbwe. Koma tinakhala m'nyumba imeneyo mpaka bambo anamaliza maphunziro ndi kupeza ntchito, ndipo banja lathu silinagawikane. Lamulungu lina m'chilimwe mkuluyo anatikweza thiramu, natitengera kumunsi kwa mzinda kukationetsa dera limene ankakhulupirira kuti kunali zisakasa zija. Tinapezako nyumba zazitali ndi malo oimikapo magalimoto. Amayi anapempherabe pamenepo, anthu akutilambalala.

Masiku ano zinthu zasintha kwambiri, ndipo zambiri zasinthira kwabwino. Amalawi tachuluka ku Mississauga ndi ku North York, ufa woyera ukupezeka m'sitolo, ndipo mwana wanga wamwamuna anapeza nyumba popanda wina kumuuza kuti yangotengedwa kumene. M'mbali mwa nyanja anaimikamo ziboliboli za anthu owonda, zokumbutsa amene anafika kuno pothawa njala ija, kotero mzinda nawo unapepesa, ngakhale mochedwa kuposa amayi anga. Njala ikagwa kwathu timamva tsiku lomwelo, ndipo timasonkha thandizo pa telefoni tisanadzuke pa mpando. Zimenezi ndi zabwino ndipo sindikuzinyoza. Nkhawa yanga inali yakuti mwina tayamba kufanana ndi boma lija, kutumiza msanga koma osafika.

Komabe mwezi wathawu nkhawa imeneyi inachepa. Mwana wanga wamkazi Tadala, amene anabadwira kuno ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba, anandiimbira telefoni ali m'basi. Chichewa chake ndi choyenda ndi ndodo, ndipo kawirikawiri ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Anati mnzake wa kuntchito, wochokera ku dziko lina lakutali, bambo ake anamwalira chaka chatha, ndipo Tadalayo wangomva kumene tsiku limenelo.

"Adadi, ndikupita kukamuvizita," anatero. "Koma papita nthawi. Ndikafika ndikanene chiyani?"

Ndinamuuza kuti mawu asamuvutitse. Akavule nsapato, akakhale pansi, ndipo asafulumire kudzuka.